Mbiri ya Dera la Quebec East ndi Aphungu Ake

Quebec East linali dera la phungu wa Nyumba ya Malamulo ya dziko la Canada kuyambira mu 1867 mpaka mu 2004. Linali mu mzinda wa Quebec, likulu la chigawo cha dzina lomweli, m'mphepete mwa mtsinje wa St. Lawrence. Pa zaka 137 zimenezi derali lidatumiza aphungu 12 okha ku Ottawa, ndipo atatu mwa iwo, Wilfrid Laurier, Ernest Lapointe ndi Louis St. Laurent, adasiyirana mpando kuchokera mu 1877 mpaka mu 1958 popanda wina wolowa pakati. Laurier ndi St. Laurent adakhala nduna zazikulu za Canada, pomwe Lapointe anali munthu yemwe nduna yaikulu ya nthawi yake sinkachita kanthu kokhudza Quebec isanamufunse. Onse atatu anali a chipani cha Liberal, onse anali maloya, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wobadwira m'derali.

Canada ndi dziko la chitaganya. Chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo pamwamba pa zonsezo pali boma la ku Ottawa. Chitaganyachi chidayamba pa 1 July 1867 ndi zigawo zinayi, Ontario, Quebec, Nova Scotia ndi New Brunswick. Chigawo cha Quebec, momwe anthu ambiri amalankhula Chifalansa ndipo panthawiyo pafupifupi onse olankhula chinenerochi anali Akatolika, chidapatsidwa mipando 65. Mzinda wa Quebec udagawidwa patatu: Quebec East, Quebec Centre ndi Quebec West.

Kagawidweka kadatsata mmene mzindawo udakhalira. Pamwamba pa chitunda pali mzinda wa malinga, komwe kunali linga la asilikali, nyumba ya episkopi wamkulu, yunivesite ya Laval ndi nyumba za anthu ochita bwino. Kunsi kwa phompho, m'chigwa cha mtsinje waung'ono wa Saint-Charles, kunali Saint-Roch ndi Saint-Sauveur, midzi ya anthu odyera thukuta lawo. Kumeneku ndiye kunali phata la Quebec East. Anthu ake ankakhoma zombo zamatabwa m'mbali mwa mtsinje, ena ankafufuta zikopa. Nyumba zawo zinali zamatabwa, zothithikana, ndipo moto unkazilowa kawirikawiri. Mu May 1845 udasesa Saint-Roch, ndipo mu October 1866, kutatsala miyezi yochepa kuti chitaganya chibadwe, udapsereza nyumba zoposa 2,000 ku Saint-Roch ndi Saint-Sauveur. Ntchito ya zombo nayo inali kutha chifukwa zombo zachitsulo zoyendera nthunzi zinkalanda malo a zamatabwa, ndipo malonda aakulu ankasamukira ku Montreal. Chomwe chidapulumutsa mabanja ambiri ndi mafakitale a nsapato, omwe adachuluka ku Saint-Roch kuyambira m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870. Pambuyo pake padabweranso fakitale yosoka zovala zamkati za amayi ya Dominion Corset, yomwe inkalemba ntchito atsikana ochuluka.

Aphungu atatu oyambirira sadakhalitse. Pierre-Gabriel Huot adasankhidwa mu 1867, n'kutula pansi udindo mu 1870 atapatsidwa ntchito yoyang'anira positi ofesi ya mzinda. Adalowa m'malo mwake ndi Adolphe Guillet dit Tourangeau wa chipani cha Conservative, yemwe adakhalapo meya wa Quebec. Mu 1874 mpando udapita kwa Isidore Thibaudeau wa Liberal, mpondamatiki wa malonda a nsalu ndi katundu wochokera kunja. Masiku amenewo si munthu aliyense ankaponya voti: amayi sankaloledwa, ndipo amuna ankayenera kukhala ndi katundu kapena kulipira lendi yofika pa mlingo woikika. Voti yachinsinsi idakhazikitsidwa mu 1874. Isanabwere, munthu ankatchula pagulu dzina la yemwe akumufuna, bwana wake ndi anyamata a zipani ali pomwepo akumva.

Thibaudeau amakumbukidwa kwambiri chifukwa cha mmene adachokera. Mu October 1877 nduna yaikulu Alexander Mackenzie idasankha Wilfrid Laurier, loya wa zaka 35 wa ku Arthabaska, kukhala nduna yoona za misonkho ya m'dziko. Lamulo la nthawiyo, lomwe lidathetsedwa mu 1931, linkati phungu akapatsidwa unduna abwerere kwa anthu ake akamuvotere kachiwiri. Kawirikawiri unali mwambo chabe, koma a Conservative adaona kuti mnyamatayu ndi woopsa ndipo adamugwetsa kwawo ku Drummond—Arthabaska ndi mavoti ochepa kwambiri. Mu June chaka chomwecho Laurier anali atalankhula mu mzinda wa Quebec mawu omwe adamveka dziko lonse, ofotokoza kuti chipani chake chimatsata mwambo wa ufulu wa ku Britain, osati wa oukira mpingo a ku Ulaya, ndi kuti wansembe ali ndi ufulu wonena maganizo ake koma alibe ufulu woopseza wovota. Nkhaniyi inali yamoto, pakuti ansembe ena ankalalikira kuti kuvotera Liberal ndi tchimo, moti m'chaka chomwecho bwalo lalikulu la milandu lidafafaniza chisankho cha ku Charlevoix pa chifukwa chimenechi. Chipani sichikadalola kutaya munthu wotere. Thibaudeau adatula pansi udindo, Laurier adayima ku Quebec East, ndipo kumapeto kwa November 1877 adagonjetsa Tourangeau ndi mavoti oposa 300.

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Laurier adakhala phungu wa derali zaka zoposa 41, mpaka imfa yake, ngakhale kuti nyumba zake zinali ku Arthabaska ndi ku Ottawa. Ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kupezera anthu ntchito za boma, kumva madandaulo ndi kukonza misonkhano yokopa anthu, zinkagwiridwa ndi akuluakulu a chipani a mu mzindamo. Iye ankafika nthawi ya chisankho ndi pa zochitika zazikulu. Sitinganene kuti anali mtsogoleri wa anthu apantchito. Mu 1900, eni mafakitale a nsapato atatseka zitseko pofuna kuthyola mabungwe a ogwira ntchito, n'kusiya anthu masauzande opanda malipiro, amene adaweruza mkanganowo anali episkopi wamkulu Louis-Nazaire Bégin, osati phungu. Chimene anthu a ku Saint-Roch ankaona mwa Laurier chinali china: mnzawo wolankhula Chifalansa, Mkatolika, yemwe Angelezi a ku Ontario ankamumvetsera akaimirira kulankhula.

Maganizo amenewa adazika mizu mu 1885. Pa 16 November chaka chimenecho boma la John A. Macdonald lidanyonga Louis Riel, mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Métis, omwe adaukira boma kumadzulo kwa dziko. Riel ankalankhula Chifalansa ndipo anali Mkatolika, choncho anthu ambiri a ku Quebec adaona ngati chingwecho chamangidwa m'khosi mwawo. Laurier adadzudzula boma pamsonkhano waukulu ku Montreal ndiponso m'Nyumba ya Malamulo, ndipo kuyambira pamenepo chipani cha Conservative, chomwe chinkalamulira chigawochi, chidayamba kutsetsereka. Mu 1887 Laurier adakhala mtsogoleri wa Liberal. Mu 1896 adapambana chisankho, ngakhale maepiskopi ambiri sadakondwe ndi maganizo ake pa mkangano wa sukulu za Akatolika ku Manitoba, ndipo pa 11 July adalumbira kukhala nduna yaikulu, woyamba mwa anthu olankhula Chifalansa kufika pa udindowu chiyambire chitaganya. Malamulo ankalola munthu kuyima m'madera awiri pa chisankho chimodzi. Chaka chimenecho adapambananso kudera la Saskatchewan, koma adasankha kukhalabe wa Quebec East.

Adalamulira zaka 15 zotsatizana. M'nthawi yake anthu ochuluka ochokera ku Ulaya adakhazikika m'zigwa za kumadzulo, zigawo za Alberta ndi Saskatchewan zidakhazikitsidwa mu 1905, ndipo njanji zatsopano zidayalidwa. Mzinda wa Quebec udayembekezera zambiri pa mlatho waukulu woloka St. Lawrence, womwe udagwa uli mkati momangidwa mu August 1907 n'kupha anthu oposa 70, udagwanso mu 1916, ndipo sitima zidayamba kudutsapo mu 1917. Pa nkhani za ufumu wa Britain, Laurier ankayenda pakati: mu 1899 adalola asilikali odzipereka okha kupita kunkhondo ya ku South Africa, mu 1910 adakhazikitsa gulu laling'ono la nkhondo yapamadzi. Ku Ontario ankamunena kuti sakonda Britain, pomwe ku Quebec Henri Bourassa ndi omutsatira ankamunena kuti wagulitsa anthu ake kwa Angelezi. Mu 1911 mbali ziwirizi zidamugwetsa pamodzi, nkhani ya pangano la malonda ndi United States itawonjezera moto, ndipo Robert Borden wa Conservative adatenga boma. Quebec East sidamutaye.

Mayeso aakulu adadza ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1917 Borden adakhazikitsa lamulo lolemba anyamata usilikali mokakamiza, n'kupempha Laurier kuti alowe m'boma la mgwirizano. Laurier adakana, podziwa kuti akavomera ndiye kuti wapereka chigawo chonse kwa Bourassa. Aphungu ake ambiri olankhula Chingelezi adamuthawa, koma pa chisankho cha December 1917 chipani chake chidatenga mipando 62 mwa 65 ya Quebec. Miyezi itatu pambuyo pake mkwiyo udaphulika m'misewu ya dera lake lomwe. Pa 28 March 1918, Lachinayi Loyera, apolisi a boma la chitaganya adagwira mnyamata wina ku Saint-Roch chifukwa sadayende ndi chikalata chosonyeza kuti adakhululukidwa usilikali. Khamu la anthu lidasonkhana, zipolowe zidatenga masiku asanu, ofesi yosunga mayina a olembedwa usilikali idathyoledwa, ndipo boma lidabweretsa asilikali olankhula Chingelezi ochokera ku Ontario ndi kumadzulo. Usiku wa pa 1 April asilikaliwo adawombera anthu ku Saint-Sauveur. Anthu wamba anayi adafa, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 14. Kwa zaka 40 zotsatira, wa Liberal aliyense wofuna voti kunsi kwa mzinda ankangokumbutsa anthu za 1917 ndi 1918, basi.

Laurier adamwalira ku Ottawa pa 17 February 1919. Mpando wake sunali wamba tsopano: woutenga ankaoneka kuti ndiye wolowa m'malo mwake ngati mneneri wa anthu olankhula Chifalansa. Ichi ndi chifukwa chake Ernest Lapointe, yemwe anali kale phungu wa Kamouraska kuyambira mu 1904, adasiya dera lake lotetezeka kukayima pa chisankho chapadera cha October 1919. Adapambana chisankhocho. Miyezi iwiri m'mbuyomo Lapointe anali atathandiza William Lyon Mackenzie King kutenga utsogoleri wa chipani. King sankatha bwino Chifalansa ndipo chigawo cha Quebec sankachimvetsa, koma popanda mipando yake sakadalamulira. Adagwirizana kuti nkhani za Quebec zikhale m'manja mwa Lapointe, munthu wamtali, wa mawu amphamvu, mwana wa mlimi yemwe Chingelezi adachiphunzira ali kale phungu.

Dzina la Lapointe lili pa zochitika zingapo zomwe zidamasula Canada ku ulamuliro wa London. Mu March 1923, ali nduna ya zapamadzi ndi usodzi, adasainira yekha pangano ndi United States lokhudza usodzi wa nsomba za halibut ku nyanja ya Pacific, kazembe wa Britain osaikapo dzanja, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Adakhala nduna ya zachilungamo kuyambira mu 1924, adatsagana ndi King ku msonkhano wa mayiko a ufumu wa Britain mu 1926, ndipo mu 1929 adatsogolera nthumwi za Canada ku zokambirana zomwe zidabala lamulo la Westminster la 1931. Mbali ina ya mbiri yake ndi yowawa. Pofuna kusakhumudwitsa ovota ndi atsogoleri a mpingo kwawo, adakana kufafaniza lamulo la 1937 la boma la chigawo cha Quebec, lotsogozedwa ndi Maurice Duplessis, lolola apolisi kukhoma loko pa nyumba iliyonse yoganiziridwa kuti ikufalitsa chikomyunizimu, ngakhale Ottawa inali ndi mphamvu zotero. Mu June 1939 adatsutsa zoti Canada ilandire Ayuda oposa 900 othawa Hitler omwe anali m'chombo cha St. Louis, ndipo chombocho chidabwerera ku Ulaya. Mu 1940 adaletsa chipani cha chikomyunizimu ndi gulu la Mboni za Yehova.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu September 1939, Lapointe adalankhula m'Nyumba ya Malamulo kuti Canada ilowe nawo, koma adalonjeza kuti nduna za ku Quebec sizidzakhala m'boma lokakamiza anyamata kukamenya nkhondo kutsidya kwa nyanja. Duplessis ataitanitsa chisankho cha chigawo mu October pofuna kutsutsa mphamvu za nkhondo za Ottawa, Lapointe ndi nduna zinzake P.J.A. Cardin ndi Charles Gavan Power adauza anthu kuti Duplessis akapambana iwo atula pansi maudindo, ndipo sipadzakhala wowatchinjiriza ku usilikali wokakamiza. Kunali kuopseza, koma kudagwira ntchito: Adélard Godbout wa Liberal adapambana. Lapointe adamwalira ndi khansa pa 26 November 1941, lonjezo lake lisanayesedwe.

King adafuna munthu wina wa ku Quebec woti anthu amulemekeze, ndipo adapeza Louis St. Laurent, loya wa makampani akuluakulu wa zaka 59 yemwe anali asanayimepo pa chisankho chilichonse. Adabadwira ku Compton mu 1882, bambo ake wolankhula Chifalansa, mayi ake a mtundu wa ku Ireland, choncho zinenero zonse ziwiri adayamwira. Nyumba yake inali pa msewu wa Grande Allée, kumtunda kwa anthu olemera. Adavomera unduna wa zachilungamo mu December 1941 poganiza kuti nkhondo ikatha abwerera ku ntchito yake, ndipo pa 9 February 1942 adagonjetsa Paul Bouchard pa chisankho chapadera cha Quebec East. Mosiyana ndi Lapointe, iye adakana kulonjeza kuti sadzavomereza usilikali wokakamiza. Mu April chaka chomwecho boma lidafunsa dziko pa referendamu kuti limasulidwe ku lonjezo lija. Zigawo zina zonse zidavomera, koma ku Quebec anthu oposa 70 pa 100 alionse adakana. Mu November 1944 King atalamula kuti asilikali 16,000 olembedwa mokakamiza atumizidwe kutsidya kwa nyanja, Power, phungu wa dera loyandikana la Quebec South, adatula pansi unduna, koma St. Laurent adakhalabe. Ambiri ankati wadzikumbira dzenje, koma mu 1945 anthu a Quebec East adamuvoteranso ndi mavoti ochuluka. Zikuoneka kuti adaona kuti a Conservative akadachita zoposa pamenepo, ndiponso boma linali litangokhazikitsa kumene lamulo lopereka ndalama zothandizira ana m'mabanja, chinthu chomveka kwambiri m'dera la mabanja aakulu.

St. Laurent adakhala nduna ya zakunja mu 1946, ndipo pa 15 November 1948 adalowa m'malo mwa King. Mu 1949 mokha Newfoundland idalowa m'chitaganya, Canada idakhala nawo poyambitsa bungwe la NATO, ndipo milandu ya apilo idaleka kupita ku London. Boma lake lidayamba msewu waukulu wodutsa dziko lonse, ngalande ya zombo zazikulu pa St. Lawrence, penshoni ya okalamba onse a zaka 70, ndiponso ndondomeko yogawira ndalama zigawo zosauka. Mu 1952 lidasankha Vincent Massey kukhala bwanamkubwa woyamba wobadwira ku Canada. Atolankhani adamupatsa dzina loti Uncle Louis chifukwa cha mmene ankachezera ndi ana pamisonkhano. Koma chipani chitakhala m'boma zaka zoposa 20 chidayamba kudzimva, ndipo mu 1956 chidadula zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo pa nkhani ya paipi ya gasi mwa njira yomwe idakwiyitsa anthu. Mu June 1957 John Diefenbaker wa Conservative adachigonjetsa. St. Laurent adasunga mpando wake, koma adasiya utsogoleri ndipo sadayimenso.

Atangochoka, zidaoneka kuti chomwe chinkagwira derali chinali ulemu wa munthu wokhala pampando ndi chikumbukiro cha nkhondo, ndipo zonse ziwiri zinali zitatha. Pa 31 March 1958 Diefenbaker adasesa mipando 208 mwa 265, kuphatikizapo 50 ya ku Quebec, mothandizidwa ndi anthu a Duplessis. Quebec East idasankha injiniya Yvon-Roma Tassé, phungu woyamba wa Conservative chichokere Tourangeau mu 1874. Mu 1962 idatembenukira kwa Jean-Robert Beaulé wa Social Credit, chipani chomwe Réal Caouette, wogulitsa magalimoto wa ku Rouyn, adachitchukitsa pogula nthawi pa wailesi yakanema n'kumalankhula molunjika kwa anthu osauka omwe ankaona kuti zipani ziwiri zakale zawaiwala. Chaka chimenecho chidatenga mipando 26 ku Quebec. Kuti dera la Laurier lisankhe chipani chonyozedwa ndi ophunzira chotere, ndi umboni wa kutopa kwa anthu ake, omwe mafakitale awo a nsapato ankatsekedwa limodzi ndi limodzi.

Gérard Duquet adabweza mpando kwa Liberal mu 1965 n'kuusunga zaka 19, nthawi yonse yotsala ya nduna yaikulu Lester Pearson ndi ya wolowa m'malo mwake Pierre Trudeau, koma sadakhale nduna. Deralo nalo linali likusintha nkhope. Kuyambira mu 1964 malire a madera amadulidwa ndi makomiti oyima paokha pakatha kalembera aliyense wa zaka khumi, ndipo pa kudula kwa mu 1966 mbali ya pakati pa mzinda idapita ku dera latsopano la Langelier. Anthu ankachoka m'midzi yakale ya kunsi kwa phompho kupita ku nyumba zatsopano za kunja kwa mzinda, ndipo malire ankawatsatira, moti pofika kumapeto Quebec East inali ndi malo monga Vanier ndi L'Ancienne-Lorette, omwe ali chakumadzulo kwa mzinda wakale ngakhale dzina linkanenabe za kummawa.

Aphungu atatu omaliza adabwera ndi mphepo yomwe inkawomba m'chigawo chonse. Marcel Tremblay wa Progressive Conservative adalowa mu 1984 pomwe Brian Mulroney adatenga mipando 58 mwa 75 ya Quebec, ndipo adapambananso mu 1988. Pangano la Meech Lake, lomwe linkafuna kuzindikira Quebec ngati mtundu wapadera m'malamulo a dziko, litalephereka mu 1990, Lucien Bouchard adayambitsa Bloc Québécois, chipani chofuna kuti Quebec idziyimire payokha. Mu 1993 chidapeza mipando 54 n'kukhala mbali yaikulu yotsutsa boma, ndipo Quebec East idasankha Jean-Paul Marchand, yemwe adabadwira ku Ontario. Adasankhidwanso mu 1997. Mu 2000 Jean-Guy Carignan wa Liberal adamugonjetsa, koma pasanathe nthawi adachoka m'gulu la aphungu a chipanicho ndipo nthawi yambiri yotsala adakhala ngati phungu woyima payekha.

Pa kudula malire kwa mu 2003, kotsatira kalembera wa 2001, dzina la Quebec East lidafafanizidwa, ndipo kusinthaku kudayamba kugwira ntchito pa chisankho cha pa 28 June 2004. Mbali yaikulu idalowa m'dera latsopano lotchedwa Louis-Saint-Laurent, lomwe lidatenganso malo ena kuchokera ku Portneuf, ndipo zotsala zidapita ku madera oyandikana nawo monga Québec. Phungu woyamba wa Louis-Saint-Laurent anali Bernard Cleary wa Bloc Québécois. Mu 2006 Josée Verner wa Conservative adamulanda mpando n'kukhala nduna m'boma la Stephen Harper, mu 2011 udapita kwa Alexandrine Latendresse wa New Democratic Party, ndipo mu 2015 Gérard Deltell adaubweza kwa Conservative.